TEPI YAKALE YA KOMPYUTA IKHOZA KULANKHULANSO

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Mwambi umenewu umakhudzanso zinthu zimene timasunga mu kompyuta. Munthu akhoza kukhala ndi kalata, maina a ophunzira kapena ndondomeko ya chuma cha ofesi pa tepi imene waitsekera bwinobwino m'kabati, koma ngati palibe makina oti awerenge tepiyo, ndiye kuti zonse zili pachala, mphepo ikhoza kuziulutsa tsiku lililonse. M'nkhani ino ndikufuna ndikufotokozereni, inu anzanga aseminale, abambo athu ansembe ndi makolo, za matepi amene anthu ankasungirapo zinthu za mu kompyuta m'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, chifukwa chimene akuvutira kuwerenga masiku ano, ndiponso mmene mapulogalamu aulere a Linux amathandizira kuwadzutsa.

TEPI YA KOMPYUTA NCHIYANI?

Makolo athu amawadziwa bwino makaseti a nyimbo, aja ankati akatafunidwa ndi wailesi munthu nkumawakulunga ndi bolopeni. Tepi ya kompyuta ndi mbale wake wa kaseti imeneyi. Ndi kansalu kapulasitiki kopyapyala kamene anakapaka fumbi logwira maginito. Makina akamalemba, amatembenuza maginito a fumbilo, kwina uku kwina uko, ndipo kutembenuka kumeneko ndiko kumaimira manambala 0 ndi 1 amene kompyuta imagwiritsa ntchito.

Ntchito ya matepiwa inali yofanana ndi ya nkhokwe. Disiki ya m'kati mwa kompyuta ikhoza kufa mwadzidzidzi, choncho anthu anzeru ankakopera zonse pa tepi madzulo kapena kumapeto kwa sabata, nkukaisunga pambali. Azungu amautcha mchitidwe umenewu kuti backup. Yosefe uja wa ku Ejipito anachita zofananazo pamene anasunga tirigu m'zaka za dzinthu podziwa kuti njala ikubwera.

Mtundu wa matepi umene unafala kwambiri pa makompyuta ang'onoang'ono unali wa QIC, umene kampani ya 3M ya ku America inayambitsa mu 1972. Tepi yake ndi yotambalala mamilimita 6.35. Panali QIC-40 yosunga 40 MB, kenaka QIC-80 yosunga 80 MB, kapena 120 MB tepi ikakhala yotalikirapo. Kampani ya Colorado Memory Systems, imene inagulidwa ndi Hewlett-Packard mu 1992, inkagulitsa makina otchedwa Jumbo 250. Nambala 250 ija inali ya malonda chabe, popeza tepiyo inkasunga 120 MB, ndipo ankafika pa 250 powerengera kuti zinthuzo aziyamba azipanikiza. Pambuyo pake kunabwera QIC-3010 ndi QIC-3020, matepi a Travan, ndi makina a Ditto a kampani ya Iomega. Lero foni ya m'thumba imasunga zochuluka kuposa matepi a QIC-80 mazana angapo, koma pa nthawi imeneyo 120 MB inkakwanira ntchito ya ofesi yonse.

MAKINA AMENE ANKANAMIZIRA KUKHALA FLOPPY

Apa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi gawo limene ine limandisangalatsa koposa. Makina a tepi odula ankalumikizidwa ku kompyuta kudzera pa khadi lapadera lotchedwa SCSI. Anthu wamba sakanakwanitsa kugula zimenezi. Tsono akatswiri anaganiza kuti, popeza kompyuta iliyonse ili kale ndi kachipangizo koyendetsa madisiki a floppy, bwanji makina a tepi angolumikizidwa pa waya womwewo wa mapini 34? Mtengo unatsikadi, koma panabuka vuto. Kachipangizo ka floppy sikadziwa kanthu za tepi. Sikadziwa mawu oti bwerera kumayambiriro, thamanga kutsogolo, kapena ima. Chimene kamadziwa ndi kusuntha mutu wowerengera sitepe imodzi imodzi pa disiki yozungulira.

Nzeru imene anapeza inalembedwa m'malamulo otchedwa QIC-117. Kompyuta imatumiza zizindikiro zija zoti mutu usunthe, koma makina a tepi sasuntha kanthu. Amangowerenga kuti zizindikirozo zabwera zingati, ndipo chiwerengero chilichonse chili ndi tanthauzo lake. Tiyerekeze ndi belu la pa seminale. Belu ndi limodzi ndipo mawu ake sasintha, koma kaimbidwe kake ndiko kamatiuza ngati ndi nthawi ya Misa, ya kalasi kapena ya chakudya. Makina a tepi nawo amayankha kudzera pa waya umene floppy inkauzira kompyuta kuti mutu wafika pa mzere woyamba, ndipo amayankha pang'onopang'ono, nambala imodzi pa nthawi.

Zolembedwa pa tepi ya QIC-80 zimayalidwa m'mizere 28 yotsata utali wa tepi. Makina amalemba mzere woyamba mpaka kumapeto, nkutembenuka kulemba wachiwiri chobwerera, monga momwe mlimi amachitira pounga mizere m'munda. Mzere uliwonse unagawidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi timagawo 32 ta mabaiti 1,024. Mwa timagawo timeneti, 29 ndi ta zinthu zenizeni, pamene 3 ndi ta masamu okonzera zolakwika otchedwa Reed-Solomon. Ngati timagawo titatu kapena tocheperapo talephera kuwerengeka m'gawo limodzi, ndipo tikudziwika kuti ndi titi, masamuwo amabwezeretsa zimene zinatayika. Anzanga amene mumadandaula kuti algebra ilibe ntchito, taonani pamene yagwira ntchito apa. Kumayambiriro kwa tepi kulinso gawo lapadera lonena za kukula kwa tepiyo ndi malo amene anapezeka oonongeka pamene inkakonzedwa koyamba.

DRIVER NDI WOMASULIRA

Ntchito yonse yowerenga zizindikiro, kudikira mayankho ndi kuchita masamu aja siichitidwa ndi makina a tepi okha. Imafuna pulogalamu yapadera yotchedwa driver. Ine ndimaiyerekeza ndi katekisiti amene amamasulira ulaliki wa wansembe wachilendo. Wansembe ali ndi uthenga, akhristu ali ndi makutu, koma popanda womasulira aliyense abwerera kwawo chimanjamanja. Driver amaima pakati pa makina ndi kompyuta, ndipo amayenera kudziwa zilankhulo zonse ziwiri.

Makampani ankagulitsa makina a tepi pamodzi ndi mapulogalamu awo a DOS kapena Windows 95. Mapulogalamuwa anali otseka, kutanthauza kuti malemba amene anawapangira anali chinsinsi cha kampani. Kampani ikasiya malondawo, palibe wina amene angakonze pulogalamuyo kuti igwire pa makompyuta atsopano. Womasulira wamwalira ndipo sanaphunzitse mwana aliyense.

Pali njira ina yopangira mapulogalamu. Mu 1983 Richard Stallman anayambitsa ntchito ya GNU ndi cholinga choti pakhale mapulogalamu amene aliyense angawerenge malemba ake, kuwasintha ndi kugawira anzake. Mu 1991 Linus Torvalds, wophunzira wa pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, anayamba kulemba Linux, ndipo chaka chotsatira anaiika pansi pa chilolezo cha GPL. Chilolezo chimenechi chimati ukasintha pulogalamu nkuigawa, uyenera kugawanso malemba ake. Ndikamawerenga za zimenezi ndimakumbukira akhristu oyamba a m'buku la Machitidwe a Atumwi amene ankaika katundu wawo pamodzi.

Pa Linux, womasulira wa matepi a pa waya wa floppy ndi ftape. Bas Laarhoven wa ku Netherlands anaigwirira ntchito kuyambira 1993, ndipo pambuyo pake Claus-Justus Heine wa ku Germany anaipitiriza nawonjezera gawo lotchedwa zftape. Kwa zaka zingapo ftape inali m'kati mwa mtima wa Linux, umene umatchedwa kernel. Koma matepiwa atatha ntchito, panalibenso woisamalira, ndipo inachotsedwa mu Linux 2.6.20 imene inatuluka mu February 2007.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangotenga ftape yakaleyo nkuiika mu Linux ya lero? Yankho ndi lakuti m'kati mwa kernel mumasintha kawirikawiri. Njira zopemphera malo mu memory, zodikira nthawi ndi zolankhulira ndi zipangizo zimalembedwanso mwatsopano, ndipo ma driver amene ali m'katimo amakonzedwa limodzi ndi kusinthako. Amene anatulutsidwa amatsalira, ngati munthu wobwera kuchokera ku ulendo wa zaka 20 amene akufunsa njira potchula mitengo imene inadulidwa kale. Komabe malemba a ftape sanatayike. Aliyense akhoza kuwatenga, ndipo mu 2025 katswiri wina wopulumutsa zinthu za pa matepi akale anawakonzadi, mothandizidwa ndi pulogalamu ya nzeru zopanga, mpaka ftape inagwira ntchito pa Linux yamakono. Zimenezi zinatheka chifukwa malembawo anali poyera.

YAMBANI NDI MASO, OSATI MAGETSI

Tsopano tione mmene ntchito yodzutsa tepi imayendera. Choyamba, musathamangire kulowetsa tepi yofunika m'makina amene akhala zaka zambiri osagwira ntchito. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tepi ikhoza kuoneka yatsopano kunja pamene m'kati zinthu zinaola.

Kaseti ya QIC ili ndi chitsulo pansi pake, ndipo m'kati muli lamba wopyapyala wotamuka amene amazungulitsa mikombero yonse iwiri ya tepi. Lamba ameneyu akakalamba amalekerera, amaduka, kapena amamatirira pa tepi nkusupula fumbi la maginito pamalo amene anagona. Poyang'ana pa pulasitiki yoonekera mukhoza kuona ngati ali bwino. Akaduka, amene amadziwa ntchitoyi amatsegula kasetiyo mosamala nkuikamo lamba wina.

M'makina namonso muli kagudumu ka mphira kamene kamakankha lamba uja. Mphira yakale nthawi zina imasungunuka nkukhala ngati phula. Mukalowetsa tepi m'makina otere, phulalo lidzapakika pa kaseti ndipo likhoza kufika pa tepi. Choncho gwirani kagudumuko ndi kamtengo ka thonje. Ngati kakumata, kayenera kusinthidwa kaye. Mutu wowerengera upukutidwe ndi thonje lonyowetsedwa ndi mankhwala a isopropyl, ndipo uume musanayambe.

Palinso kachinthu kena kakang'ono koma koopsa. Tepi ya QIC sinamangidwe ku mikombero yake, inangokulungidwa. Chakumapeto kwake kuli timabowo, ndipo makina amadziwa kuti tepi yatha pamene kuwala kwadutsa pa timabowoto nkufika pa kadiso ka magetsi. Fumbi likatseka kadisoko, makina saima, ndipo tepi yonse imasololoka kuchoka pa mkombero. Nchifukwa chake nkofunika kupukuta malo amenewa, ndi kuyesa kaye makinawo ndi tepi imene ilibe kanthu kofunika.

Chomaliza pa gawo lino ndi chofunika kuposa zonse. Pa kaseti pali kabatani kotsetsereka kololeza kapena kuletsa kulemba. Kaikeni pa malo oletsa musanachite china chilichonse. Lamulo limodzi lolakwika pa kompyuta likhoza kufufuta m'kanthawi kochepa zimene zasungidwa zaka 30.

KUPEZA KOMPYUTA YOYENERA

Makompyuta ambiri a masiku ano alibenso polumikizira floppy. Ena angaganize zogula floppy ya pa USB, koma imeneyo siithandiza, chifukwa kachipangizo kake kamabisika m'kati ndipo sikalola kompyuta kutumiza zizindikiro zowerengeka zija. Pamafunika kompyuta imene ili ndi mapini 34 enieni pa bolodi lake lalikulu. Makompyuta a m'zaka za m'ma 1990 ndi ambiri a m'ma 2000 ali nawo. Choncho kompyuta yakale imene yaunjikidwa m'chipinda chosungira katundu ikhoza kukhala yamtengo wapatali pa ntchito imeneyi.

Mukaipeza, pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuikamo Linux yakale imene ili ndi ftape kale, monga ya kernel 2.4. Njirayi ndi yosavuta, koma kompyuta yotere isalumikizidwe pa intaneti, popeza Linux yakale ili ndi mipata imene akuba a pa intaneti amaidziwa. Yachiwiri ndi kugwiritsa ntchito Linux yatsopano ndi ftape yokonzedwanso, imene muyenera kuimanga nokha kuchokera ku malemba ake. Iyi imafuna kudziwako pang'ono chilankhulo cha C, kapena kukhala pafupi ndi wina wochidziwa. Safunsa anadya phula.

Driver amafuna kuuzidwa kumene kachipangizo ka floppy kali. Pa makompyuta ambiri manambala ake ndi ofanana: adiresi 0x3f0, IRQ 6 ndi DMA 2. IRQ ndi waya umene chipangizo chimagogodera kompyuta chikafuna kuthandizidwa, pamene DMA ndi njira yotumizira zinthu molunjika ku memory. Popeza floppy ndi tepi zimagwiritsa ntchito khomo limodzi, siziyenera kugwira ntchito nthawi imodzi, ndipo nkwabwino kuchotsa kaye driver wa floppy. Onaninso kuti mu BIOS kachipangizoko nkotsegula, ndiponso kuti waya walowa moyenera, mbali ya mzere wofiira ili pa pini yoyamba.

KUWERENGA TEPI

Pa Linux chipangizo chilichonse chimapatsidwa dzina ngati failo. Ftape ikadzuka, tepi imapezeka pa maina monga /dev/qft0 ndi /dev/nqft0. Kusiyana kwake ndi chilembo n. Dzina lopanda n limabweza tepi kumayambiriro ntchito iliyonse ikatha, pamene la n limaisiya pamene yaima. Tepi imodzi ikhoza kukhala ndi mitolo ingapo yolembedwa masiku osiyana, ndipo munthu wogwiritsa ntchito dzina lobweza adzangowerenga mtolo woyamba mobwerezabwereza nkuganiza kuti watha.

Pali timapulogalamu titatu tothandiza. Ka mt kamalamula makina kuti abweze tepi, adumphe mtolo kapena anene mmene alili. Kalinso ndi lamulo lotchedwa retension, loyendetsa tepi mpaka kumapeto ndi kubwerera kuti ikulungike mofanana, ndipo limathandiza pa tepi yokhalitsa ngati lamba wake ali wolimba. Ka dd kamakopera zimene zili pa tepi, mtolo umodzi pa nthawi, kupita ku failo pa disiki popanda kufunsa tanthauzo lake. Ka tar, kamene kanayamba mu 1979 pa Unix, kamamasula mitolo imene inamangidwa ndi tar yemweyo.

Langizo limene akatswiri amabwereza ndi ili: koperani tepi yonse kamodzi, kenaka muziibwezera m'bokosi ndi kugwira ntchito pa kope la pa disiki. Ulendo uliwonse umene tepi yakale yadutsa pa mutu wowerengera ukhoza kukhala womaliza. Musayambe ndi kusakasaka kalata imodzi uku mukuyendetsa tepi kutsogolo ndi kumbuyo.

Ntchitoyi imafuna kudekha. Tiyeni tiwerengere limodzi. Pa liwiro la mabiti 500,000 pa sekondi, tikagawa ndi 8 tipeza mabaiti 62,500 pa sekondi. Kuti tiwerenge 120 MB pafunika masekondi 1,920, amene ndi mphindi 32, tisanawerengere nthawi yotembenuka pa mapeto a mzere uliwonse ndi yobwereza malo ovuta. Pa nthawi imeneyi kompyuta isapatsidwe ntchito zina. Ikachedwa kulandira, tepi imapitirira malo ake, makina amaima nkubwerera pang'ono, nkuyambanso, ngati munthu wopukuta nsapato, ndipo zimenezi zimaperepesa tepi. Kuona maso a nkhono nkudekha. Kumene magetsi amathimathima, nkwanzeru kulumikiza kompyuta ku batire la UPS kuti ntchito isadukire pakati.

MAKINA A SCSI NDI OSAVUTA

Si matepi onse amene ankadutsa pa waya wa floppy. Maofesi akuluakulu ankagwiritsa ntchito DDS, imene Sony ndi Hewlett-Packard anatulutsa mu 1989, matepi a mamilimita 8 a Exabyte, kapena DLT. Makina amenewa ali ndi nzeru zawozawo m'kati, amakonza okha zolakwika, ndipo amalankhula chilankhulo chimodzi cha SCSI. Driver wawo pa Linux ndi st, amene Kai Mäkisara wa ku Finland anamusamalira kwa zaka zambiri, ndipo akadali mu Linux mpaka lero. Maina ake ndi /dev/st0 ndi /dev/nst0, ndipo chilembo n chili ndi tanthauzo lomwe lija.

Zovuta za SCSI zili ku mawaya. Chipangizo chilichonse chimafuna nambala yakeyake, ndipo khadi lenilenilo nthawi zambiri limatenga 7. Kumapeto kwa waya kuyeneranso kukhala chotsekera chotchedwa terminator, apo ayi zizindikiro zimabwerera ngati mawu m'phanga nkusokoneza zonse. Vuto lina ndi kukula kwa zidutswa zimene tepi inalembedwera. Mukapempha chidutswa chaching'ono kuposa chimene chili pa tepi, makina amakana. Lamulo la setblk 0 pa mt limauza makina kuti alandire zidutswa za kukula kulikonse, ndipo kenaka mumauza dd kuti iwerenge ndi muyeso waukulu.

ZIMENE ZATULUKA NKUZIMVA BWANJI?

Kukopera tepi ndi theka chabe la ulendo. Failo yaikulu ija ili ngati buku la Chilatini m'manja mwa mnyamata wa Fomu 1: zilembo akuziona, tanthauzo ayi. Pafunika kudziwa pulogalamu imene inalemba tepiyo. Ngati inali tar, ntchito yatha. Ngati inali pulogalamu ya DOS kapena Windows 95, zambiri zinkatsata kayalidwe ka QIC-113 ndi kapanikizidwe ka QIC-122, ngakhale makampani ena ankawonjezera zawozawo. Windows NT inali ndi kayalidwe kake kotchedwa MTF. Mawu amene analembedwa ndi bolopeni pa kaseti kapena pa bokosi lake amathandiza kwambiri pano, choncho musataye mapepala amenewo.

Mafailo akatuluka, mudzapeza kuti makalata analembedwa ndi WordPerfect, mawerengero ndi Lotus 1-2-3, ndipo ndandanda za maina ndi dBASE. Apanso mapulogalamu aulere amatithandiza, popeza LibreOffice imatha kutsegula mafailo ambiri a mitundu imeneyi. Mukawatsegula, asungeninso m'kayalidwe kodziwika ndi aliyense monga PDF kapena malemba wamba, ndipo zofunikitsitsa muzisindikize pa pepala.

Kuti muone kuti khama lotere limapindula, tamvani za bungwe la NASA. Mu 1966 ndi 1967 zombo za Lunar Orbiter zinajambula mwezi, ndipo zithunzizo zinasungidwa pa matepi akuluakulu. Patapita zaka, makina owerengera matepiwo, a Ampex FR-900, anali atasowa. Mayi wina wogwira ntchito yosunga zakale, Nancy Evans, anakana kuti matepiwo atayidwe ndipo anasunga makina angapo kunyumba kwake. Mu 2008 gulu la akatswiri linakonza makinawo m'nyumba imene kale inali malo odyera a McDonald's pa malo a NASA a Ames ku California, ndipo zithunzi zinatuluka zooneka bwino kuposa zimene anthu anaona m'zaka za m'ma 1960.

IFE ZIKUTIKHUDZA BWANJI?

Mpingo wathu ndi wosunga zakale kuyambira kalekale. M'zaka za m'ma 500 Cassiodorus anakhazikitsa nyumba ya amonke ku Vivarium m'dziko la Italy kumene kukopera mabuku ndi manja kunali ntchito yolemekezeka. Mabuku ambiri akale tili nawo lero chifukwa mbadwo uliwonse unkakopera buku lisanathe kung'ambika. Msonkhano wa ku Trent mu 1563 unalamula kuti maparishi azilemba maina a obatizidwa ndi a okwatirana, ndipo kanoni 535 ya Malamulo a Mpingo a 1983 imalamula Bambo Mfumu kusamala mabuku a parishi, ngakhale akale omwe. Tonse tikudziwa kuti mnyamata sangalowe seminale kapena kulandira Ukaristia woyamba, Ulimbitso ndi Ukwati popanda umboni wa ubatizo wake.

Buku la pepala limawerengeka ndi maso okha ngakhale patapita zaka 100, bola chiswe chisalipeze. Zosungidwa pa kompyuta zimafuna zinthu zinayi nthawi imodzi: tepi yamoyo, makina amoyo, driver, ndi pulogalamu yomva mafailowo. Chimodzi chikasowa, zonse zatsekeka. Choncho ndikupempha abambo athu ansembe ndi makolo amene mumagwira ntchito m'maofesi kuti mukapeza matepi, madisiki kapena makina akale poyeretsa m'makabati, musafulumire kutaya kapena kutentha. Asungeni pouma ndi pozizira, kutali ndi dzuwa, chinyezi ndi maginito monga a m'masipika. Tepi imene yachita nkhungu kapena ikumata isayesedwe kunyumba, ipite kwa akatswiri. Ndipo amene wapatsidwa ntchito yowerenga tepi akumbukire kuti m'menemo mukhoza kukhala zinsinsi za anthu, za matenda, za malipiro kapena za mabanja. Azipereke kwa mwini wake ndipo pakamwa atseke.

Matepi sanathe padziko. Mtundu wa LTO, umene unayamba mu 2000 ndi 100 GB, unafika pa 18 TB pa kaseti imodzi mu 2021, ndipo malo ofufuza za sayansi monga CERN amasungabe zinthu zawo pa tepi. Koma makina atsopano a LTO sawerenga matepi a mibadwo yakale kwambiri, kotero vuto lomweli lidzabweranso. Ngakhale ma flash ndi mafoni amene tikuwadalira lerowa adzakhala akale tsiku lina. Lamulo labwino ndi kukhala ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, limodzi likhale ku nyumba ina, ndipo pakapita zaka zingapo zonse zikoperedwe pa zipangizo zatsopano monga ankachitira amonke aja.

Kwa anzanga aseminale ndikuti, tiphunzire masamu, sayansi ndi makompyuta ndi mtima wonse, monga momwe timaphunzirira Chilatini ndi Baibulo. Mawa ena mwa ife adzapatsidwa makiyi a ofesi ya parishi kapena ya dayosizi, ndipo mbiri ya akhristu zikwizikwi idzakhala m'manja mwawo. Tiphunzirenso kwa anthu aja analemba ftape nasiya malemba awo poyera kuti wina amene sanamuonepo adzapitirize ntchitoyo patapita zaka 30. Mutu umodzi susenza denga.